Wokongola ndi Wina, Wobweza ndi Mlimi wa Fodya

M'mwezi wa Novembala 1914, patangopita miyezi iwiri asilikali a Britain ndi a Germany atawombana ku Karonga, mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe ku Chiradzulu analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yosavuta kumva. Ngati nkhondoyo ili yofunikadi, apite kukawomberedwa ndi anthu olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda ikuluikulu. Mmphawi wa kuno, amene alibe kanthu ndipo akafa amangosiya mkazi ndi ana pa usiwa, akukafera chiyani? Boma la atsamunda linailetsa kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 Chilembwe anaukira, ndipo pa 3 Febuluwale anaphedwa.

Kusukulu ana amaphunzira za thangata ndi za mutu wa William Jervis Livingstone, koma za eni mabanki otchulidwa m'kalata muja sizimveka. Chonsecho pamenepo ndi pamene panayambira, m'dziko muno, funso limene asosholisiti, atsogoleri a antchito, maepiskopi ndi akatswiri a zachuma akhala akufunsa kwa zaka zoposa 100: nkhondo ikabuka ndi ngongole ikatengedwa, amadya ndani ndipo amabweza ndani? Pa chigwa cha fodya cha Kasungu funsoli lakhala ndi yankho lowawa kuposa madera ambiri.

Zimene Chilembwe ankaopa zinachitikadi. Pa nkhondo ya Chiwaya amuna pafupifupi 200,000 a m'Nyasaland anatengedwa kukhala atengatenga, kusenza ufa, zipolopolo ndi mahema a asilikali. Ena ankagwidwa usiku m'midzi. Minda inatsala ndi amayi ndi okalamba, ndipo nkhondo itatha mu 1918 kunalowanso chimfine chakupha.

Ngongole yaikulu yoyamba inabwera pa njanji. Njanji ya Trans-Zambesia, yochokera cha ku Beira kufika pa Zambezi, inatsegulidwa mu 1922, ndipo mlatho wautali wa pa Sena unatha mu 1935. Zonsezi zili m'dziko la Mozambique, koma amene anasenzetsedwa udindo wobweza anali Nyasaland, dziko limene ndalama zake zinkachokera kwambiri ku msonkho wa nyumba. Katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail, amene anaphunzitsapo ku Yunivesite ya Malawi, anasonyeza mu 1975 kuti opindula anali amalonda a ndalama monga Libert Oury wa ku Belgium ndi mafakitale a zitsulo a ku Britain, pamene ndalama za sukulu ndi zipatala kuno zinkatsalira m'mbuyo. M'zaka zomwezo bungwe la Native Tobacco Board, lokhazikitsidwa mu 1926, linali litayamba kale kudula msonkho pa fodya wa chikopa wa alimi a ku Lilongwe ndi Dowa.

Nkhani ya Kasungu yeniyeni inayamba dziko litalandira ufulu. Ian Smith atalengeza ufulu wake wa mokakamiza mu 1965, mayiko anatsekera fodya wa Rhodesia, ndipo ogula anatembenukira ku Malawi. Dr. Kamuzu Banda, mwana wa Kasungu, anaona mwayi. Makampani ake a Press Farming ndi General Farming anatsegula maesiteti pa chigwachi, ndipo nduna, aphungu ndi akuluakulu a chipani anauzidwa kuti atengere chitsanzo. Malo a makolo anasanduka a lizi. Ndalama zogwetsera mitengo, zomangira mabani ndi zogulira mathirakitala zinachokera ku Commercial Bank ndi National Bank, mabanki amene Press ndi ADMARC anali ndi magawo aakulu m'menemo.

Nanga mlimi wamba? Lamulo la Special Crops Act linamuletsa kulima fodya wa bale ndi wochiza m'mabani, umene unali ndi mitengo yabwino pa okushoni. Chimanga, mtedza, thonje ndi chikopa chake ankagulitsa ku ADMARC yokha, imene inakhazikitsidwa mu 1971, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene bungwelo linkapeza kunja. Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen anawerengetsa bwino mu 1982 kuti phindu lofinyidwa kwa alimi ang'onoang'onoli linkathera m'maesiteti ndi m'makampani a akuluakulu. Munthu wosowa malo kwawo ku Mulanje, Thyolo kapena Mangochi ankakwera lole n'kudzakhala tenanti ku Kasungu, kudzalima fodya yemwe lamulo linkamukaniza kulima m'munda mwake.

Moyo wa tenanti ndi ngongole kuyambira tsiku lofika. Chimanga cha pa mwezi, mchere, khasu, feteleza, ngakhale ndalama ya galimoto imene inamubweretsa, kapitawo amazilemba m'buku. Banja lonse limafesa nazale mu Sepitembala, kuwokera mvula ikagwa, kupalira, kuthyola, kusoka masamba ndi kuwapachika pa mikangala m'chigafa, ana akumata manja ndi utomoni wakuda wa fodya. Kukolola kukatha bwana amasankha giledi yekha, amatchula mtengo yekha, kenako amatsegula buku lija n'kuyamba kuchotsera. Mabanja ambiri atsalapo ndi ndalama yosakwana ulendo wobwerera kwawo, ena n'kuuzidwa kuti akadali ndi ngongole, akhalenso chaka china. Amene anaonapo buku la kapitawo savutika kumvetsa mmene ngongole za mayiko zimayendera.

Kunena zimenezi poyera m'Malawi wa chipani chimodzi kunali kudziitanira imfa, choncho mawu otsutsa anachokera kunja. Mu 1974 Amalawi othawira ku Dar es Salaam anakhazikitsa chipani cha sosholizimu cha LESOMA. Iwo ankadzudzula boma chifukwa chomanga Lilongwe ndi njanji ya ku Nacala ndi ngongole za South Africa wa tsankho, kugulitsa nyonga za anyamata ku migodi kudzera mu Wenela, ndi kupereka nthaka ya anthu kwa ochepa. Mtsogoleri wawo Dr. Attati Mpakati anaduka zala ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1979, ndipo mu Malichi 1983 mtembo wake unapezeka ku Harare.

Pamene Mpakati ankaphedwa n'kuti zimene ankachenjeza zitayamba kuoneka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mitengo ya fodya inagwa, mafuta anakwera, chiwongoladzanja cha ngongole za kunja chinalumpha, ndipo mu 1980 kunagwa chilala. Maesiteti ambiri analephera kubweza ndipo mabanki anawalanda. Press inamira m'ngongole moti ikanagwetsa mabanki onse awiri pamodzi ndi ADMARC. Pokonzanso kampaniyo motsogozedwa ndi World Bank, boma linasenza ngongolezo. Phindu linali la eni ake, koma chitayiko chinagawidwa kwa wokhoma msonkho aliyense, ngakhale amene ankadula khadi la chipani ndi ndalama ya ganyu. Mu 1981, chaka chimene Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama, Malawi anasainira ngongole yake yoyamba ya World Bank yokhala ndi malamulo osinthira chuma.

Kenako nkhondo ya ku Mozambique inadula njanji za Beira ndi Nacala. Mabelo a fodya a ku Kasungu anayamba kuzungulira pa malole mpaka ku Durban, ndipo feteleza ankabwera njira yomweyo ndi mtengo wake wa ulendo. Othawa nkhondo anafika pafupifupi miliyoni imodzi. Kuyambira mu 1987 asilikali a Malawi ankalondera njanji ya Nacala ndipo ena anafera komweko, ngakhale boma lomwelo linali litanenedwa kale ndi pulezidenti wa Mozambique Samora Machel kuti likusunga zigawenga za Renamo. Obwereketsa nawo ankakakamiza kuti sabuside ya feteleza ichotsedwe ndi kuti misika ina ya ADMARC itsekedwe.

Chaka cha 1987 chomwecho mayiko ena a mu Afirika anayesa kukana. Pa 1 Meyi Kenneth Kaunda wa ku Zambia anathetsa mgwirizano ndi IMF, zipolowe za ufa zitapha anthu ku Copperbelt, ngakhale anadzabwereranso patapita zaka ziwiri. Mu Julayi Thomas Sankara wa ku Burkina Faso anapempha atsogoleri anzake ku Addis Ababa kuti akane ngongole onse pamodzi, ndipo anawadzudzulanso chifukwa chogula mfuti zophera Aafirika anzawo. Mu Okutobala anaphedwa. Ku Dakar, Mmalawi wina wothawa kwawo, Thandika Mkandawire, ankatsogolera bungwe la akatswiri la CODESRIA, limene linatsutsa mwamphamvu maganizo oti boma lingochoka pa msika zonse zidzakonzeka zokha. Mkati mwa dziko chete uja anasweka pa 8 Malichi 1992 ndi kalata ya maepiskopi a Katolika, imene inatchula poyera za malipiro ochepa, mitengo yopondereza alimi ndi mpata wokula pakati pa olemera ndi osauka. Patatha mwezi mtsogoleri wa mabungwe a antchito Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege.

Ufulu wa zipani zambiri unabwera, ndipo alimi ang'onoang'ono, amene analoledwa kulima bale kuyambira mu 1990, anadzaza chigwa chonse ndi zigafa. Ngongole ya dziko sinachoke. Kasungu anadzaiona ndi maso m'chaka cha 2002.

Bungwe losunga chakudya la NFRA linakhazikitsidwa mu 1999 popanda mpamba wake, motero linakongola ku mabanki pa chiwongoladzanja choposa 50 peresenti kuti ligule chimanga matani pafupifupi 167,000. Ngongoleyo itayamba kuluma, IMF inalangiza kuti chimanga china chigulitsidwe. Chinagulitsidwa pafupifupi chonse, china kwa anthu oyandikana ndi andale, amene anachisunga kudikira mtengo. Zokolola za 2001 zitavuta, nkhokwe za ku Kanengo zinali mbee. Ku Kasungu anthu anadya gaga, zitsa za nthochi ndi maungu osakhwima, anagulitsa mbuzi, njinga ndi malata pa mtengo wozizira, ndipo pa misika ya ADMARC monga wa Chamama ankagona pa mzere. Matenanti, amene mabwana ena analeka kuwapatsa chakudya, anali m'gulu la oyamba kufa. William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anadzatchuka ndi makina ake a mphepo, anasiya sukulu ya sekondale m'njala imeneyi. Pulezidenti Bakili Muluzi anavomereza kuti kuli tsoka pa 27 Febuluwale 2002, anthu atafa kale.

IMF inati inalangiza kugulitsa gawo chabe, boma linaloza chala IMF. Otsutsa amene analankhula zomveka, monga a Malawi Economic Justice Network, bungwe lobadwa mu 2000 kuchokera ku kampeni ya mipingo ya Jubilee 2000, anakana kusankha mbali. Anati wolakwa ndi wobwereketsa amene anasandutsa nkhokwe ya dziko kukhala bizinesi yoyendera ngongole, komanso wandale wa kuno amene anadyera pa njala ya abale ake. Ndi pamenepa pamene kudzudzula kwa mtundu uwu kumakhala ndi mano. Kukangoloza Washington yekha, kumasanduka chishango cha akuba a ku Capital Hill.

Kampeniyo inabala zipatso. Mu 2006 ngongole ya kunja, imene inali pafupifupi madola 3 biliyoni, inakhululukidwa n'kutsala yosakwana theka la biliyoni. Boma la Bingu wa Mutharika linali litayamba kale makuponi a feteleza mu 2005, obwereketsa ena akukana, ndipo chimanga chinachuluka.

Kupuma kwake kunali kwa kanthawi. Malawi sawononga ndalama zambiri pa asilikali poyerekeza ndi mayiko ena, ndipo izi n'zoyenera kuzinena. Vuto lagona pa chinsinsi chimene chimakuta chilichonse chotchedwa chitetezo. Ndege ya pulezidenti yogulidwa mu 2009 pa madola pafupifupi 22 miliyoni inagulitsidwa mu 2013 pa madola 15 miliyoni, ndipo nduna ya zachuma inadzavomera kuti ndalamazo sizinalowe mu akaunti ya boma koma zinapita kukachepetsa ngongole ya zida ku kampani ya Paramount Group ya ku South Africa. Mgwirizano wa zida ndi kampaniyo unali wa madola 145 miliyoni, m'dziko limene zipatala zinkasowa mankhwala.

Lero ngongole yolemera kwambiri ndi ya m'dziko momwemuno, kuwonjezera pa ya Afreximbank ndi Trade and Development Bank. Boma limakongola ku mabanki a ku Blantyre ndi Lilongwe pa chiwongoladzanja chokwera, ndipo banki yopeza phindu lotere mosatuluka thukuta ilibe chifukwa chobwereketsa mlimi wa ku Santhe kapena Chulu. Mlimiyo amathera kwa wakatapila, kapena pa kontirakiti ya kampani yogula fodya, imene imayamba yadula ngongole ya feteleza ndi mbewu ndalama isanafike m'manja mwake. Mu 2018 phungu wa Dowa West, Alexander Kusamba Dzonzi, anabweretsa bilu yoika malire pa chiwongoladzanja. Reserve Bank ndi mabanki anaikana, ndipo sinadutse. Mu 2024 phindu la National Bank linadutsa K100 biliyoni, ndipo mu bajeti ya 2025/26 chiwongoladzanja chokha chinapatsidwa zoposa K2 thililiyoni, kuposa unduna wa zaumoyo.

Utenanti unathetsedwa pa lamulo mu 2021, mabungwe monga Centre for Social Concern ndi mgwirizano wa antchito a m'fodya atalimbana nawo zaka zambiri, ngakhale m'maesiteti ena buku la kapitawo likadalipo. Koma kufinya kwa masiku a ADMARC kwabwerera m'njira ina. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo wa pa msika wa Chinkhoma amagulidwa m'madola amene mlimi sawagwira. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masiku ochepa IMF isanavomereze ngongole ya madola 175 miliyoni, imene inadzaimanso mu Meyi 2025 patangotuluka madola 35 miliyoni. M'nyengo ya msika wa 2025 madola a mlimi ankasinthidwa pa mtengo wa boma wa pafupifupi K1,750, pamene pa msika wa mseri dola inali itadutsa kawiri mtengo umenewo, ndipo thumba la feteleza, limene mavenda ankaliwerengera pa dola ya mseriyo, linali pamwamba pa K100,000.