Nthambo ya pa dishi ndi kachala ka mmisiri

Nthambo imene imatsika pa dishi n'kulowa m'nyumba za pa Embangweni ndi yakale kuposa mishoni ya komweko ya Loudon. Mukaisenda mupeza waya wamkuwa pakati, pulasitiki, kenako ukonde wa timawaya toukuta. Amaitcha coaxial, ndipo mbiri yake imayamba ndi tsoka.

Mu 1858 anayala nthambo ya telegalafu pansi pa nyanja ya Atlantic. Uthenga unkafika mochedwa, wosokonekera, ndipo mwezi usanathe nthamboyo inafa. Apo m'pamene zinaonekera kuti waya wautali si kanjira chabe kodutsamo magetsi: ena umawasunga, ena umawabweza. Oliver Heaviside wa ku England anazilongosola ndi masamu, ndipo mu 1880 analembetsa nzeru yoika waya wina m'kati mwa unzake. Nzeruyo inagona mpaka 1929, pamene Lloyd Espenschied ndi Herman Affel a ku Bell anaikonza kuti inyamule mauthenga ambiri nthawi imodzi.

Diso loonera magetsi, oscilloscope, linabwera padera. Karl Ferdinand Braun anapanga chubu chake mu 1897, moti pamene Donald Fraser ankakhazikitsa Loudon mu 1902, kholo la oscilloscope linali ndi zaka zisanu. Kampani ya Tektronix, yoyambika mu 1946 ku Portland, inathandiza kulisandutsa chida cha pa tebulo la mmisiri.

Vuto linatsala pa kulumikiza. Mita imodzi ya coaxial ili ndi mapicofarad pafupifupi 100, ndipo ukaigunditsa pa kachipangizo kofooka zili ngati kusenzetsa mwana thumba la chimanga kuti uone mmene amathamangira. N'chifukwa chake kunabwera probe, kachala kokhala ndi resistor ya mamegohm 9 kunsonga. Kamachepetsa magetsi kakhumi, katundu n'kutsika kufika pa mapicofarad 10 kapena 15. Kali ndi kasikuluwu kokachunira, komwe ambiri saona n'komwe kuti kalipo.

Kwa wokonza mawailesi ndi mainveta a sola, kachalako n'kokwanira. Koma magetsi akayamba kugwedezeka mofulumira, ulemu wake umatha. Pa 100 MHz, mapicofarad 10 aja amalemera ngati maohm 160 okha, ndipo kawaya kake kapansi, kokhala ndi timano ta ng'ona, kamajambula mafunde amene m'chipangizomo mulibe. Ndaonapo munthu akutha tsiku akusaka nthenda yomwe inali m'kawaya kameneko.

Apa coaxial imabwerera ndi mphamvu, bola itsekedwe kumapeto ndi maohm 50. Ikatero sibweza kanthu, ndipo utali wake suvutitsanso. Nambala ya 50 yo anaisankha ngati chapakati: 30 imanyamula mphamvu zambiri, 77 imataya zochepa. Komatu maohm 50 ndi katundu wolemera. Chipangizo chomwe anachipangira katunduyo, monga potulukira pa makina oulutsira mawu, chimausenza bwino. Kachipangizo kam'kati mwa bolodi kamagwada. Ndiye funso loyamba si lakuti chabwino n'chiti, koma lakuti chomwe ukuyezacho chingasenze chiyani.

Kachidutswa ka nthambo kotsala pa dishi kaja kamakopa, poti kali pafupi ndipo n'kaulere. Koma iko ndi ka maohm 75. Ukakalumikiza pa 50, gawo limodzi mwa magawo asanu a funde limabwerera komwe lachokera.