Kanema wowala, mawu osamveka: zoyenera kudziwa pogula zida zomverera nyimbo pakhomo ku Mangochi

Mabanja ambiri m'boma la Mangochi, kuyambira pa Boma penipeni mpaka ku Monkey Bay, Namwera ndi Makanjira, masiku ano amamvera nyimbo kwinaku akuonera oimbawo pa wailesi ya kanema. Koma ngakhale zithunzi zapita patsogolo kwambiri pa zaka 25 zapitazi, kamvekedwe ka nyimbozo m'nyumba zambiri kanatsalira m'mbuyo, ndipo ndalama zochuluka zikuthera pa zida zomwe zimangosokosa.

Chizolowezi choonera nyimbo chinayamba kukhazikika m'dziko muno mu 1999 pomwe Television Malawi, yomwe pambuyo pake inaphatikizidwa ndi MBC, inayamba kuulutsa mapologalamu ake. Oimba ndi makwaya a m'mipingo anayamba kujambulitsa nyimbo zawo pa kanema, ndipo ambiri ankasankha mchenga ndi madzi a nyanja ya Malawi ngati malo ojambulira. Nyimbozi zinkagulitsidwa pa zimbale za VCD, kenako DVD. Lero zimayenda pa memore kadi, pa fulashi, pa WhatsApp ndi pa YouTube.

Kusintha kwa zithunzi kumaoneka bwino poyang'ana manambala. Chithunzi cha VCD chinkapangidwa ndi timadontho 352 m'litali ndi 288 m'lifupi. Cha DVD chimakhala ndi 720 ndi 576, pomwe wailesi za kanema zolembedwa Full HD zimaonetsa 1,920 ndi 1,080. Zolembedwa 4K zimafika pa 3,840 ndi 2,160.

Mawu sanayende ulendo womwewo. Wailesi za kanema zakale zija zinali ndi chimimba chachikulu momwe sipika inkapeza mpata wokankhira mpweya. Zamakono n'zopyapyala, motero timasipika take ndi tating'ono ndipo nthawi zambiri timaloza pansi kapena kukhoma. N'chifukwa chake munthu amatha kuona manja a woimba ng'oma ya beni kapena manganje akutsika ndi mphamvu, koma khutu n'kungolandira kaphokoso kouma kopanda mtima wa ng'omayo.

Vuto lina limayambira pa nyimbo yeniyeniyo. Chimbale cha CD chimatulutsa makilobiti 1,411 pa sekondi, pomwe nyimbo zambiri za MP3 zoikidwa m'mamemore kadi m'misika zimakhala za 128 kapena kucheperapo. Kanema wotumizidwa pa WhatsApp amafinyidwa kuti achepe, ndipo zomwe zatayika pofinyapo sizibwereranso. Palibe sipika, kaya yodula motani, yomwe ingabwezeretse mawu omwe mulibe m'nyimboyo. Apa mpomwe kugula nyimbo m'njira zovomerezeka kumapindulira mbali zonse: womvera amapeza mawu athunthu, woimba naye amadya thukuta lake. Bungwe la Copyright Society of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limayang'anira za umwini wa nyimbo motsatira lamulo la 2016.

Pogula zida, anthu ambiri amakopeka ndi manambala akuluakulu olembedwa pa katoni. Mawati olembedwa PMPO, omwe nthawi zina amafika m'masauzande, ndi okopera ogula chabe. Nambala yoyenera kuikhulupirira ndi yolembedwa RMS, yomwe imasonyeza mphamvu yomwe chida chimatulutsa mosalekeza. Izi n'zofunika kuzidziwa makamaka chifukwa zida zamtunduwu zimachokera kunja, ndipo mitengo yake inakwera kwambiri ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023.

Zida zotchedwa home theatre za 5.1 zimakhala ndi masipika asanu ndi sabuwufa imodzi yotulutsa mawu akuluakulu a pansi. Zinapangidwa poganizira mafilimu. Nyimbo zambiri, kuphatikizapo pafupifupi zonse zojambulidwa m'masitudiyo a m'dziko muno, zimakonzedwa m'njira ziwiri zokha, ya kumanzere ndi ya kumanja. Choncho kwa banja lomwe cholinga chake n'kumvera nyimbo, masipika awiri abwino ndi ampulifaya amaposa masipika asanu otchipa a ndalama zomwezo. Sabuwufa ikakwezedwa kwambiri imangomiza mawu a woimba ndi kulira kwa gitala, ngakhale kuti achinyamata ambiri ndiyo amayamba kuifunsa m'sitolo.

Masipika awiriwo aikidwe mbali zonse ziwiri za wailesi ya kanema, molingana ndi makutu a munthu atakhala pansi, ndipo mtunda wa pakati pawo ufanane ndi wa kuchokera pa sipika iliyonse kufika pampando. Polumikiza, waya wa HDMI kapena wa optical ndi wodalirika kuposa Bluetooth, yomwe imachedwetsa mawu pang'ono mpaka milomo ya woimba n'kusemphana ndi zomwe zikumveka.

Nyumba nayonso ili ndi gawo lake. Chipinda cha simenti pansi, makoma opanda kanthu ndi denga la malata lopanda siling'i chimabweza mawu mbali zonse, nyimbo n'kumveka ngati ikuimbidwa m'mgolo. Mkeka kapena kapeti pansi, makatani ochindikala ndi mipando ya masiponji zimachepetsa vutoli pa mtengo wochepa. Kutentha kwa m'mbali mwa nyanja m'miyezi ya October ndi November kumafunanso kuti ampulifaya isatsekeredwe m'kabati kapena kuvundikiridwa ndi nsalu zokongoletsera, chifukwa imapumira m'timabowo ta pamwamba pake.

Mdani wamkulu wa zidazi ndi magetsi. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, koma akamabwera pambuyo pozima amatha kulowa ndi mphamvu yopitirira, n'kuwotcha zida zomwe zinasiyidwa zolumikizidwa. Anthu a m'bomali amakumbukira kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Kachipangizo koteteza zida, komwe ambiri amakadziwa pa firiji, kamagwiranso ntchito pa wailesi ya kanema ndi ampulifaya. Kumidzi ndi m'madooko a asodzi komwe amadalira sola ndi batire, mainiveta otchipa amalowetsa kamkokomo kosalekeza m'masipika, ndipo yolembedwa pure sine wave ndiyo siichita zimenezi.

Pa za kukweza mawu, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera phokoso la madesibelo 80, ndipo malire a ana ndi otsikirapo. Phokoso likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawi yomvera popanda chiopsezo imatsika ndi theka. Pakhomo popanda choyezera, chizindikiro n'chakuti ngati munthu akukuwa kuti amvane ndi mnzake yemwe ali pafupi naye, mawuwo apitirira muyeso, ndipo makutu akawonongeka mwa njira imeneyi sabwereranso mwakale.