Paul Robeson: Woimba wa pa Nsanja ndi wa m'Kanema

Mu mzinda wa New York muli mseu wochedwa Broadway, ndipo m'mbali mwace muli nyumba zambiri za masewero oimba. M'menemo anthu amasewera nthano yathunthu pa nsanja, naimba, nabvina, ndipo imeneyo ndiyo nchito yao yodyerapo. Amene acita bwino amaitanidwa kukasewera m'kanema. Mwa anthu otere, wina amene mbiri yace ikhudza Africa ndiye Paul Robeson.

Iye anabadwa ku Princeton m'caka ca 1898. Atate ace anali kapolo amene anathawa ukapolo, ndipo pambuyo pace anakhala mbusa wa mpingo. Paul anaphunzira pa Rutgers College, natsiriza maphunziro a malamulo pa Columbia mu 1923. Koma nchitoyo sanakhalitse nayo, pakuti mlembi wina wa m'ofesi anakana kulemba mau ocokera pakamwa pa munthu wakuda. Tsono anatembenukira ku nsanja.

Sewero limene linamkweza ndilo Show Boat, la Jerome Kern ndi Oscar Hammerstein, losimba za ngalawa ya masewero yoyenda pa mtsinje wa Mississippi. Robeson anasewera ngati Joe, wonyamula katundu pa doko: ku London mu 1928, pa Broadway mu 1932, ndi m'kanema mu 1936. Gawo la Joe linali laling'ono, koma nyimbo yace, Ol' Man River, yoimbidwa ndi mau a besi akuya, inazinga dziko lonse.

Apa ndipo panabuka bvuto. Pa nsanja woimba ali mwini wa mau ace. Koma m'kanema eni ace amadula zithunzi ndi kuzilumikiza monga afuna, wosewerayo atapita kwao. Mu 1935 Robeson anasewera ngati mfumu Bosambo m'kanema wa Sanders of the River. Anabvomera poyembekeza kuti nyimbo ndi miyambo ya mu Africa zidzaoneka mwaulemu, pakuti iye anali ataphunzirako Ciswahili ku London. Koma kanemayo atatha, anapeza kuti akutamanda ulamuliro wa atsamunda, ndipo mfumuyo ikuoneka ngati mtumiki wa bwana. Robeson anamkana kanemayo poyera. M'gulu la osewera ang'onoang'ono munalinso Jomo Kenyatta, amene anadzakhala Pulezidenti wa Kenya mu 1964.

Kanema amene anamkondweretsa ndiye The Proud Valley wa 1940, wonena za anchito a m'migodi ya malasha ku Wales. Koma atasewera mu Tales of Manhattan mu 1942, anaona kuti anthu akuda akuonetsedwabe ngati ana, ndipo analeka za kanema osabwererakonso. Pa nsanja mbiri yace inakulabe: kuyambira 1943 kufikira 1944 anasewera Othello wa Shakespeare pa Broadway maulendo 296.

Cifukwa ca kulankhula kwace kotsutsa tsankho, kufunira ufulu maiko a mu Africa, ndi kuyamikira Soviet Union, boma la America linamlanda pasipoti mu 1950. Nyumba zambiri zoimbiramo zinamtsekera makomo, ndipo cuma cace cinaphwa. Mu 1957 anaimbira anchito a m'migodi a ku Wales pa lamya yodutsa pansi pa nyanja, iye ali ku New York. Pasipotiyo inabwezedwa mu 1958, koma posacedwa thupi linayamba kufooka. Anamwalira ku Philadelphia mu 1976.

M'sewero lija, Joe ndi munthu wotopa ndi moyo. Koma poimba yekha pa makonsati, Robeson anasintha mau ena a nyimboyo, kuti munthuyo akhale wolimbika, wosagonja. Nyimbo anaikonza cifukwa inali m'kamwa mwace. Zithunzi za Bosambo zinatsala monga momwe eni ace anazidulira.