Magineziyamu

Magineziyamu ndi umodzi mwa michere imene thupi limapeza m'zakudya. Dzinali linachokera ku Magnesia, dera la ku Greece, ndipo woyamba kuupatula pawokha anali Humphry Davy mu 1808.

Munthu wamkulu amakhala ndi magalamu pafupifupi 25 a mcherewu. Woposa theka uli m'mafupa, wambiri mwa wotsalawo uli m'minofu, kumene umathandiza mitsempha kugwira ntchito ndi mtima kugunda bwino. Ukachepa kwambiri, munthu amafooka, minofu imakokana, ena amagwa khunyu. Kutsegula m'mimba kwanthawi yaitali, matenda a shuga ndi kumwa mowa mopitirira muyeso zimautaya.

Poyeza magineziyamu m'thupi, amatenga magazi pamkono. Mlingo wabwino ndi mamilimolo 0.75 mpaka 0.95 pa lita. Komabe m'magazi muli wosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a magineziyamu yense wa m'thupi, choncho zotsatira zikhoza kuoneka zabwino thupi likuperewera ndithu. N'chifukwa chake dokotala amafunsanso za kadyedwe ndi mankhwala amene wodwala akumwa.

M'misika ya ku Ng'ombe, mu Lusaka, mcherewu umapezeka mu chibwabwa, bondwe, nyemba ndi nsawawa. Ufa wa roller meal uli ndi wambiri kuposa breakfast meal, chifukwa pokonola chimanga magineziyamu amapita ndi gaga.