Njinga Yopalasa ndi Mthuthuthu m'Mbiri ya Makomboni a Harare

Munthu wa ku Highfield kapena ku Mabvuku akamasinkhasinkha ngati agule njinga yopalasa kapena yamoto yopitira ku ntchito, amayesa kuti nkhaniyi ndi ya m'thumba mwake mokha. Komatu mtunda umene akufuna kuugonjetsawo adauyeza ndi atsamunda iye asanabadwe.

Mzindawu udakali kutchedwa Salisbury, boma silinkafuna kuti anthu akuda azigona pafupi ndi azungu amene ankawagwirira ntchito. Komboni ya Mbare, imene pa nthawiyo inkatchedwa Harari, idakhazikitsidwa m'chaka cha 1907 pafupi ndi tauni, kotero kuti wantchito ankatha kuyenda pansi. Lamulo logawa malo potsata khungu la mu 1930 litadutsa, makomboni adanka natalikira. Highfield idamangidwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo Mabvuku, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 17 kuvuma kwa tauni, idadza m'zaka za m'ma 1950. Kuyambira pamenepo wantchito adayamba kulipira ulendo umene sadausankhe.

Ambiri mwa antchitowa adali ochokera ku Nyasaland, amene kwathu tinkawatcha matchona, pamene Ashona ankawatcha Mabhurandaya potengera dzina la Blantyre. Kwa iwo njinga ya Raleigh kapena Humber idali chuma chapawiri: m'tauni inkawapulumutsa ku mtengo wa basi, ndipo pobwerera kumudzi inkachitira umboni kuti kutheba sadapitire pachabe.

Phindu la njinga lidaonekera poyera mu September 1956, pamene bungwe la City Youth League lidamema anthu kuti anyanyale mabasi chifukwa chokweza mitengo. Mmodzi mwa oyambitsa bungweli adali Dunduzu Chisiza wa ku Karonga, amene boma lidamthamangitsa m'dzikomo chaka chomwecho. Wopanda njinga adanyanyala ndi mapazi otupa; mwini njinga adafika ku ntchito pa nthawi yake.

Ufulu wa mu 1980 sudafupikitse mtundawo. Kudadza mabasi a ZUPCO, kenaka makombi, koma vuto lililonse la chuma linkayamba kuluma wapaulendo. Mu 2008, ndalama ya dzikolo itasanduka mapepala, mtengo wa kombi unkatha kusintha pakati pa m'mawa ndi madzulo. Mu January 2019 boma lidakweza mtengo wa mafuta kuposa kawiri tsiku limodzi, ndipo kudabuka zipolowe zimene anthu adaferapo. Mu 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19, makombi a anthu wamba adaletsedwa kwa nthawi, anthu n'kumagona pa mizere ya basi kapena kupanikizana m'timagalimoto ta mushikashika. Nthawi zonsezi njinga yopalasa inkangofuna mpweya, chigamba ndi miyendo.

Nanga njinga yamoto? Zilankhulo ziwirizi zidaimva chimodzimodzi: Achewa amati mthuthuthu, Ashona amati mudhudhudhu, onse potsanzira kulira kwa injini. Kulira kumeneko ndi mafuta amene akupsa, ndipo mafutawo ndi omwe aja adasowa mu 2008 ndi kukwera mu 2019. Mwini wake ayeneranso kukhala ndi laisensi, inshuwalansi, msonkho wa pamsewu, chipewa chodzitetezera ndi ndalama ya makaniko. Ku Lilongwe kapena ku Blantyre njinga yamoto ya kabaza imabweza ndalama zimenezi ponyamula anthu. Wa ku Harare amene waigulira kupita ku ntchito kokha amazitapa m'malipiro ake mwezi ndi mwezi.

Sitikunena kuti njinga yopalasa ndi yankho kwa aliyense. Wa ku Mbare kapena ku Highfield amene amagwira ntchito ku mafakitale a ku Southerton angapalase osatopa. Wa ku Chitungwiza, kumene kuli makilomita oposa 20 kuchokera m'tauni, akapalasa kupita ndi kubwerera amafika ntchito itamthera kale m'thupi, ndipo misewu ya maenje ndi makombi othamanga imaopsa onse awiri mofanana. Kwa iyeyu mthuthuthu uli ndi nzeru, malinga malipiro ake ngodalirika. Koma amene ndalama yake imabwera mwa apo ndi apo akumbukire 1956, 2008 ndi 2019 asanagulitse njinga imene bambo ake adamsiyira.