Gombeza la ku Joni

Pansi pa bokosi lachitsulo la agogo anga aamuna panali poyala tsamba la magazini, loteteza zovala ku dzimbiri. Ndinaliona koyamba titachoka kumanda kokawaika. Ndi tsamba lotsatsa mabulangete a ubweya wa nkhosa: mayi wachizungu akufunditsa mwana pabedi, ndipo mawu a Chingerezi akulonjeza tulo tofunda mpaka mbandakucha. Mutu wa tsambalo unang'ambika, koma sitolo yake ndi ya ku Johannesburg, mtengo uli m'mapaundi ndi masheleni. Ndiye kuti linasindikizidwa chisanafike chaka cha 1961, pamene South Africa inayamba kugwiritsa ntchito randi.

Poti ntchito yanga ndi yomasulira, ndinayesa kuika mawuwo m'Chichewa. Sanavute. Chinandiimitsa ndi bedi lija.

Agogo, monga anzawo zikwizikwi a ku Nyasaland, anapita ku migodi ya golide kudzera ku Wenela. M'makomponi ambiri munalibe matiresi. Pogona panali pa mashelefu a simenti osanjikizana, amuna unyinji m'chipinda chimodzi. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu June ndi July chisanu cha usiku chimaumitsa madzi. Ndiye munthu atuluke mumgodi motentha ngati ng'anjo, thukuta lili kamukamu, n'kukumana ndi mphepo imeneyo! Chibayo chinapulula anthu ochokera kumaiko otentha, mpaka mu 1913 boma linaletsa migodi kulemba amuna a kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, kumene kuli kwathu kuno. Chiletsocho chinachoka m'zaka za m'ma 1930, njira ya ku Joni n'kutsekukanso.

Wolemba malonda uja sankalankhula ndi amuna amenewa. Kwa iye kuzizira kunali nkhani ya mwana wozizidwa mapazi, osati ya mapapo a munthu wamkulu. Sindikumuimba mlandu wa migodi, iye ankangogulitsa nsalu. Koma nditaliyang'ana nthawi yaitali, tsambalo linandikwiyitsa ndithu: limasonyeza kuti mzindawo unkadziwa bwino lomwe chimene thupi limafuna mu July.

Agogo anagulabe lawo, lolemera, lamizeremizere. Agogo aakazi sankalitchula bulangete, ankati gombeza. Iwo ndiwo anandiuza kuti wobwera ku Joni ankaonedwa ndi katundu, njinga kapena makina osokera, koma wopanda ngakhale gombeza anthu ankam'nong'ona pachitsime. Chodabwitsa n'chakuti litafika kumudzi silinkafundidwa kawirikawiri. Kwathu ndi kunyanja, kumene nsalu imodzi imakwanira pafupifupi chaka chonse. Linkatuluka pakabwera mlendo wolemekezeka kapena wina akadwala malungo, kenako n'kulipindanso bwinobwino.

Tsiku la maliro azakhali anati bambo awo asapite wamba, ndipo tinawakulunga m'gombeza lomwelo. M'bokosi munatsala malaya awiri ndi tsamba lija.