Kachipangizo kolamulira kutentha m'zovala za magetsi

M'mayiko ozizira kwambiri monga Canada ndi Norway, anthu ogwira ntchito panja komanso oyendetsa njinga zamoto amavala majekete, magolovesi ndi masokosi okhala ndi timawaya totenthetsa. Mphamvu yake imachokera ku batire ya lithiamu kapena ku magetsi a njingayo. Chovala chotere chimadalira kachipangizo kolamulira kutentha, chifukwa popanda iko chingathe kuwotcha khungu kapena kumaliza batire munthu akadali kutali ndi kwawo.

Vutoli linaonekera pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kuyambira 1939 mpaka 1945. Asilikali a m'ndege zoponya mabomba za America, monga B-17, ankavala masuti olumikizidwa ku magetsi a ndege popeza m'mwamba kunkazizira kufika madigiri 40 kunsi kwa ziro. Kutentha ankakusintha pamanja popotokola kabatani ka rheostat. Mawaya akaduka kapena kugundana, ena ankapsa ndipo ena zala zinkawonongeka ndi chisanu.

Zovala za masiku ano zimagwiritsa ntchito njira yotchedwa pulse-width modulation. Kachipangizoko kamayatsa ndi kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana. Wovala akasankha kutentha kwambiri, magetsi amakhala oyaka pafupifupi nthawi yonse. Akasankha kufunda pang'ono, nthawi yozima imachuluka, choncho batire imakhalitsa.

Zovala zina zilinso ndi thermistor, kachida kosokeredwa pafupi ndi timawayato komwe kamapima kutentha. Kutenthako kukafika pa mlingo wosankhidwa, kachipangizo kolamulira kamachepetsa magetsi, ndipo kukatsika kamawawonjezera. Motero munthu amafunda mofanana, kaya waima pamphepo kapena walowa m'nyumba. Majekete ambiri ali ndi batani la milingo itatu pachifuwa, pomwe ena amasinthidwa pafoni kudzera pa Bluetooth.

Kupima kumeneku n'kofunika chifukwa khungu limapsa ngakhale ndi kutentha kooneka kochepa. Mu 1947, Alan Moritz ndi Frederick Henriques anaonetsa kuti madigiri 44 amawononga khungu akalikhudza kwa maola pafupifupi 6. Odwala matenda a shuga amene mapazi awo anachita dzanzi ali pachiopsezo chachikulu, popeza sangamve kuti akupsa. N'chifukwa chake opanga zovalazi amalangiza kuvala malaya ena mkati, kupewa kugona chovala chili choyaka, ndiponso kuchotsa batire musanachichape.